Kulondera phiri lophulika la pansi pa nyanja: poyambira ndi zoyenera kumvetsera

Phiri lophulika la pamtunda mumaliona ndi maso. Mumazika GPS m'mbali mwake, setilaiti n'kumakuuzani ngati nthaka yakwera kapena yatsika. Likakhala pansi pa nyanja, zida zonsezi zimasanduka zopanda ntchito, chifukwa mafunde a wailesi amene GPS imadalira salowa m'madzi amchere, ndipo kuwala kwa dzuwa kumathera m'mamita mazana ochepa oyambirira. Chonsecho, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chiphalaphala chomwe dziko lino limatulutsa amatulukira kumeneko, kumdima, popanda woonerera. Ntchito yolondera mapiri amenewa ndi ya makutu ndi sikelo, maso amabwera pomaliza kudzangotsimikiza.

Musanaganize za chida chilichonse, dziwani kuti nsonga ya phiri lanu ili pa kuya kotani, chifukwa kuyako ndi kumene kumanena ngati mukulondera chinthu chophunzirirapo kapena chinthu chakupha anthu. Axial Seamount, lomwe lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 480 kuchokera ku gombe la Oregon ku America, nsonga yake ili mamita 1,400 pansi pa madzi. Madzi ochuluka chotero amapanikiza nthunzi ndi mpweya, ndiye chiphalaphala chimangoyenderera, moti munthu amene ali m'sitima pamwamba pake sangadziwe n'komwe kuti pansi pakuchitika kanthu. Kick 'em Jenny, makilomita 8 kumpoto kwa chilumba cha Grenada ku Caribbean, kuya kwa nsonga yake sikukwana mamita 200, ndipo phiri lotere likhoza kuponya miyala kunja kwa madzi. Hunga Tonga-Hunga Ha'apai linali losaya kwambiri. Pa 15 Januwale 2022 linaponya phulusa ndi nthunzi makilomita oposa 50 m'mwamba, linautsa tsunami, ndipo chingwe cha intaneti cholumikiza Tonga ndi maiko ena chinaduka. Paphiri losaya mumafuna uthenga wofika nthawi yomweyo. Paphiri lakuya mukhoza kusiya zida kwa chaka chathunthu n'kukazitenga bwino lake.

Jambulani mapu lero, phiri lidakali chete

Ili ndi langizo lomwe anthu amalinyalanyaza chifukwa silisangalatsa. Sitima yokhala ndi makina otchedwa multibeam imaponya phokoso pansi pa nyanja n'kuyeza nthawi yomwe latenga kuti libwerere, ndipo poyenda mizeremizere imatulutsa mapu a zitunda ndi zigwa zonse. Mapu amodzi paokha sakuuzani zambiri. Phindu lake limaoneka tsiku lomwe mudzajambule achiwiri n'kuwasanjika pa oyambawo. Kufupi ndi chilumba cha Mayotte, chomwe chili pakati pa Mozambique ndi Madagascar, zivomezi zinayamba mu Meyi 2018, chilumbacho chinayamba kutsika komanso kusunthira kum'mawa, koma panalibe yemwe akanaloza chala pamene panali gwero. Mu Meyi 2019 sitima ya ku France yotchedwa Marion Dufresne inajambula pansi pa nyanja makilomita 50 kum'mawa kwa chilumbacho, ndipo atayerekeza ndi mapu a 2014 anapeza phiri latsopano lotalika mamita pafupifupi 800 pamalo pomwe panalibe phiri. Lero limatchedwa Fani Maoré. Pakanapanda mapu akalewo, bwenzi anthu akutsutsanabe ngati phirilo ndi latsopano kapena linalipo kale.

Kumvetsera muli kutali

Makina oyezera zivomezi a pamtunda amathandiza, koma phiri likakhala pakati pa nyanja yaikulu amangogwira zivomezi zikuluzikulu, za mphamvu ya 4 kupita m'mwamba. Tizivomezi tomwe timasonyeza kuti chiphalaphala chikuyenda timakhala tating'ono kwambiri kuposa pamenepo. Apa m'pamene madzi, omwe atilepheretsa kuona, amatibwezera mwayi. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi m'madzi, ndipo m'nyanja zambiri, cha pa kuya kwa mamita 1,000, pali gawo lotchedwa SOFAR lomwe phokoso likalowamo silimwazika, limangotsata gawolo kwa makilomita zikwizikwi. Chivomezi chikagwedeza pansi pa nyanja, mbali ina ya mphamvu yake imalowa m'madzi n'kuyenda m'gawo limeneli. Akatswiri amalitcha funde la T, chifukwa limafika lachitatu pambuyo pa mafunde a P ndi S omwe amadutsa m'miyala.

Chida chomvetsera ndi maikolofoni ya m'madzi, hydrophone, yomwe imamangidwa pachingwe chokhala ndi nangula pansi ndi choyandama pamwamba pake kuti ikhale m'gawo la SOFAR. Imodzi yokha ingokuuzani kuti kwinakwake kwamveka phokoso. Mukufunika zosachepera zitatu, zotalikirana, kuti kusiyana kwa nthawi yomwe phokoso lafikira pa iliyonse kukulozereni komwe lachokera. Masamu ake ndi osavuta: phokoso lochokera pa makilomita 1,500 limatenga masekondi 1,000, omwe ndi mphindi pafupifupi 17. Njira imeneyi inayamba kuthandiza asayansi pamene asilikali a pamadzi a ku America analola NOAA, bungwe la boma lawo loona za nyanja ndi nyengo, mu 1991, kugwiritsa ntchito makutu awo a SOSUS omwe ankamvetsera nawo sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Mu Juni 1993 anamva nawo kuphulika pa Juan de Fuca Ridge, mtandadza wa mapiri a pansi pa nyanja pomwe palinso Axial, anatumiza sitima, ndipo anakapezadi chiphalaphala chatsopano. Masiku ano bungwe la CTBTO, lomwe ntchito yake ndi kumvetsera ngati wina akuyesa bomba la nyukiliya, lili ndi malo 11 omvetsera phokoso la m'nyanja. Ma hydrophone ake a pa chilumba cha Ascension, m'nyanja ya Atlantic, anamvapo phiri la Monowai, lomwe lili kumpoto kwa New Zealand, pamtunda wa makilomita 15,800. Phokosolo linayenda pafupifupi maola atatu kuti lifike.

Chovuta n'chakuti m'nyanja simukhala bata. Anangumi ena amalira motsika kwambiri, cha pa 20 Hz, mobwerezabwereza ngati akutsata wotchi. Sitima zimalemba mizere yaitali yosaduka pa chithunzi cha phokoso. Makampani ofufuza mafuta amaombera mpweya m'madzi pakangopita masekondi angapo, kwa masabata. Madzi oundana akamang'ambika kum'mwera kwa dziko nawonso amamveka patali. Phunzirani kaye maonekedwe a zonsezi musanayambe kusaka phiri. Lamulo langa ndi lakuti chilichonse chobwereza mwadongosolo labwino kwambiri ndimayamba ndachikayikira, popeza phiri silisunga nthawi chotero.

Kutsitsa makina pamsana pa phiri

Mukafuna kudziwa kuya kwa chivomezi ndi mbali yomwe chiphalaphala chikulowera, palibe kuchitira mwina koma kuika makina oyezera zivomezi pansi penipeni pa nyanja. Amatchedwa OBS. Ndi chimango chonyamula choyezera, batire, wotchi, zoyandamitsa, ndi chitsulo cholemera chomwe chimachikokera pansi.

Tsiku lotsitsa, chitani zinthu motere. Yesani kaye chomasulira, chida chija chomwe chidzamve chizindikiro cha phokoso kuchokera m'sitima n'kutaya chitsulo cholemeracho. Chimangeni pachingwe, chitsitseni mozama, chiitaneni, muone ngati chikuyankha. Chomwe sichinayankhe lero sichidzayankha chaka chamawa. Kenako linganizani wotchi ya makinawo ndi nthawi ya GPS, mulembe nthawi yeniyeni yomwe mwachita zimenezo. Mukawasiya kuti amire, musalembe malo a sitima ngati malo a makinawo, chifukwa madzi amawakankha akamatsika ndipo amakatera mamita mazana kuchokera pomwe munawaponya. Zungulirani malowo ndi sitima, mukuwaitana kuchokera mbali zingapo ndi kuyeza nthawi yomwe yankho likutenga, kuti mupeze pomwe akhala. Mbali yomwe ayang'ana simungaidziwe tsiku limenelo. Mudzaiwerengera pambuyo pake pogwiritsa ntchito zivomezi zakutali zomwe malo ake ndi odziwika kale.

Nkhani ya wotchiyo ndiyofunika kuikhalira pansi. Pansi pa nyanja palibe GPS yoti iziikonza, ndiye imathamanga kapena kutsalira pang'onopang'ono, nthawi zina kufika sekondi kapena kuposerapo pa chaka. Sekondi imaoneka yochepa, koma funde la P limayenda makilomita 5 kapena 6 m'sekondi imodzi, pomwe chigwa cha pansonga ya Axial, chomwe amachitcha caldera, ndi cha makilomita 3 m'lifupi ndi 8 m'litali. Kulakwitsa ndi sekondi imodzi kukhoza kutulutsa chivomezi kunja kwa chigwa chonsecho. N'chifukwa chake tsiku lokatenga makina, akangotuluka pamadzi ndi mbendera yake, mwawakweza m'sitima adakali kudontha, musathamangire kuzimitsa kapena kuchotsa batire. Lumikizani kaye wotchi yake ndi GPS, mulembe kuti yasiyana bwanji. Ikazima musanatero, zomwe yalemba chaka chonse zidzakuvutani kuzikonza.

Ikani makina osachepera anayi, ngakhale asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu ndiye abwino, otalikirana mofanana ndi kuya komwe mukuyembekeza zivomezi. Ndipo musawaunjike onse pamalo pomwe chiphalaphala chingadutse. Mu Epulo 2006 gulu la wasayansi Maya Tolstoy linapita kukatenga makina 12 pa East Pacific Rise, mtandadza wa mapiri a pansi pa nyanja ya Pacific, koma anatuluka 4 okha. Ena ankayankha akaitanidwa koma osakwera, ndipo zinadzadziwika kuti chiphalaphala chinawagwira miyendo. Umu ndi mmene anadziwira kuti pachitika kuphulika. Ndi umboni wabwino ndithu, koma wodula.

Sikelo yoyeza madzi

Kwa ine, chida chopambana zonse pa ntchitoyi ndi chomwe chimaoneka chogona kwambiri: choyezera kulemera kwa madzi omwe ali pamwamba pake. Chithupsa chimayamba chatupa chisanaphulike, ndipo phiri nalo limatero. Chiphalaphala chikamadzaza nkhokwe yake pansi, nthaka imakwera. Nthaka ikakwera, madzi a pamwamba pa chidacho amachepa, kulemera kwake n'kutsika. Phiri likaphulika nkhokwe imaphwa, nthaka imagwa, kulemera kwa madzi n'kukwera mwadzidzidzi.

Kunena n'kosavuta, koma taganizirani kuchepa kwa chomwe mukusaka. Pa kuya kwa mamita 1,500, kukwera kwa sentimita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 150,000. Pamwamba pa apo nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku ndi mamita awiri kapena atatu, moti mukatsegula manambala osakonza mumangoona mzere wokwera ndi kutsika wa mafundewo, phiri osaoneka. Gawo loyamba ndi kuchotsa kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, zomwe zimawerengeka bwino chifukwa zimatsata mwezi ndi dzuwa. Zomwe zimatsala ndi kusintha kwa mphepo, kutentha kwa madzi ndi mayendedwe ake. Izi mumazichepetsa poika chida chachiwiri kunja kwa malo otupawo, n'kuchotsa manambala a chimodzi pa a chinzake, popeza nyanja imakhudza zonse ziwiri mofanana pomwe phiri limakweza chimodzi chokha.

Vuto lomaliza ndi chida chenichenicho. Chikakhala nthawi yaitali chikupanikizidwa, manambala ake amasuntha okha pang'onopang'ono, ndipo kusunthako kumafanana ndendende ndi kutupa kwa phiri. Pa Axial amathana nazo poika miyala ya simenti yokhazikika m'malo angapo. Pakapita chaka kapena ziwiri, loboti yoyenda pansi pa madzi imanyamula choyezera chimodzi n'kumachikhazika pa mwala uliwonse motsatizana, mobwerezabwereza, kuti apeze kusiyana kwenikweni kwa kutalika kwa miyalayo.

Khama limeneli linabala zipatso. Axial linaphulika mu 1998, nthaka inagwa ndi mamita pafupifupi 3, ndipo chimodzi mwa zida zomwe zinali pamenepo chinapezeka chitamatidwa ndi chiphalaphala. Linaphulikanso mu 2011. Asayansi Bill Chadwick ndi Scott Nooner ataona kuti phirilo limaphulika likatupa kufika pa msinkhu wofanana ndi wa ulendo wapitawo, komanso kuti pambuyo pa 2011 linkakwera ndi masentimita pafupifupi 60 pa chaka, ananeneratu mu Seputembala 2014 kuti liphulika mu 2015. Linaphulikadi mu Epulo. Koma musatengeke n'kuyesa kuti mwapeza lamulo la mapiri onse. Axial lomwelo linadzachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima cha mu 2023, kenako linayambiranso, ndipo akatswiri omwewo akhala akusuntha masiku a ulosi wawo. Chomwe ndimawalemekezera n'chakuti amalemba ulosi poyera zinthu zisanachitike, wina aliyense n'kutha kuona pomwe analondola ndi pomwe anaphonya. Inunso muzitero.

Kuwerenga zizindikiro pamodzi

Zida zomwe mumasiya pansi pa nyanja zili ndi chilema chimodzi: mumadziwa zomwe zalemba mukakazitenga, mwina patatha miyezi. Mankhwala ake ndi chingwe chochokera kumtunda chonyamula magetsi ndi uthenga. Axial lili nacho, chotchedwa Regional Cabled Array, chochokera ku Pacific City ku Oregon, chomwe zida zake zinalumikizidwa mu 2014 pansi pa ntchito ya Ocean Observatories Initiative. N'chodula zedi, ndipo mapiri a pansi pa nyanja omwe ali nacho ndi owerengeka. Komabe chifukwa cha icho tili ndi chitsanzo chathunthu cha mmene kuphulika kumayendera, chomwe mungayerekezere nacho zomwe mukuona kwina.

M'miyezi yoyandikira Epulo 2015 zivomezi zinkachuluka kuchoka pa mazana kufika pa zikwi pa tsiku. Zambiri zinkachitika nyanja ikaphwa, pamene madzi opondereza phiri apepukako, chizindikiro chakuti miyala yafika poti kanthu kakang'ono kakhoza kuiswa. Pa 24 Epulo zinafika pafupifupi 8,000 tsiku limodzi, zinayamba kusamukira kumpoto motsata mng'alu womwe chiphalaphala chinkatsegula, ndipo nthaka ya m'chigwa inagwa ndi mamita pafupifupi 2.4. Kenako kunayamba kumveka timaphokoso tatifupi, zikwi makumi, tochokera pomwe chiphalaphala chotentha chinkakumana ndi madzi ozizira. Sitima itapita miyezi ingapo pambuyo pake inapeza chiphalaphala chatsopano, malo ena chochindikala mamita oposa 100, pomwe timaphokosoto tinkaloza.

Ndiye muziyang'ana zinthu zinayi pamodzi: kuchuluka kwa zivomezi, kusamuka kwake, kugwa kwa nthaka, ndi phokoso la m'madzi. Chimodzi chokha chisakupangitseni kulengeza. Ku El Hierro, ku zilumba za Canary, zivomezi zinayamba mu Julayi 2011 ndipo phiri linaphulika pansi pa nyanja mu Okutobala. Koma kumayambiriro kwa 2025, pakati pa Santorini ndi Amorgos ku Greece, pafupi ndi phiri la pansi pa nyanja la Kolumbo, kunachitika zivomezi zikwizikwi, anthu ambiri anachoka pachilumba cha Santorini, ndipo palibe chomwe chinaphulika. Chiphalaphala chimatha kuyenda n'kukaima panjira.

Zooneka pamwamba pa madzi

Zithunzi za setilaiti monga Sentinel-2 ndi Landsat ndi zaulere, ndipo paphiri losaya zimaonetsa madzi osintha mtundu, obiriwira kapena achikasu, komanso miyala yopepuka yoyandama. Mu Julayi 2012 phiri la Havre, kumpoto kwa New Zealand, linatulutsa miyala yotere yokuta dera la masikweya kilomita pafupifupi 400, ndipo munthu wina wokwera ndege ndi amene anathandiza kuti nkhaniyo idziwike. Asayansi anachita kubwerera m'mbuyo m'zithunzi zakale kuti apeze pomwe miyalayo inayambira. Mukaona miyala yoyandama, kumbukirani kuti imayenda. Ya ku Fukutoku-Oka-no-Ba, phiri la ku Japan lomwe linaphulika mu Ogasiti 2021, inakatseka madoko a ku Okinawa mu Okutobala. Madzi osintha mtundu nawonso akhoza kukhala ndere chabe kapena mpweya wotuluka phiri lili phee.

Kupita kukatsimikiza

Paphiri losaya musapite ndi sitima ya anthu pamwamba pake likadali lolusa. Pa 24 Seputembala 1952 sitima ya kafukufuku ya ku Japan, Kaiyo Maru No. 5, inapita kukaona phiri la Myojin-sho ndipo anthu onse 31 omwe anali m'menemo anafa. Pa Kick 'em Jenny sitima siziloledwa kufika pa kilomita imodzi ndi theka kuchokera pansonga, ndipo chenjezo likakwera malirewo amafika makilomita 5. Tumizani ndege, drone kapena bwato lopanda munthu.

Paphiri lakuya mukhoza kupita msanga, ndipo ndi bwino kufulumira chifukwa zizindikiro za m'madzi zimamwazika. Tsitsani pachingwe chida choyeza kutentha, mchere ndi kuvunduka kwa madzi, muzichikweza ndi kuchitsitsa sitima ikuyenda pang'onopang'ono, kuti mupeze mtambo wa madzi ofunda ndi amatope womwe umakhala pamwamba pa malo ophulika. Tungani madzi m'mabotolo okayeza mpweya. Jambulaninso mapu. Ngati muli ndi loboti, itsitseni: chiphalaphala chatsopano chimakhala chakuda, chonyezimira ngati galasi, chopanda fumbi kapena zamoyo pamwamba pake.

Ngati muli ndi kompyuta yokha

Ambiri a ife sitidzakhala ndi sitima, koma zimenezo siziletsa kuphunzira ntchitoyi. USGS, bungwe la boma la America loona za nthaka ndi zivomezi, imaika poyera mndandanda wa zivomezi za dziko lonse. Global Volcanism Program ya bungwe la Smithsonian ku America imatulutsa lipoti la mapiri sabata iliyonse ndipo ili ndi mbiri ya phiri lililonse lodziwika. Manambala a zida za pa Axial aliyense akhoza kuwatenga kwaulere. Sankhani phiri limodzi, osati khumi, muwerenge mbiri yake, ndipo muzolowere mmene limakhalira pa tsiku wamba, chifukwa simungazindikire chachilendo ngati simudziwa chachizolowezi. Poyeserera, tengani manambala a kulemera kwa madzi pa Axial a mwezi wa Epulo 2015, muchotse kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, muone ngati mungapeze nokha ola lomwe nthaka inayamba kugwa.

Chilichonse chomwe mukulemba, lembani m'nthawi ya UTC, yomwe ndi nthawi imodzi yogwirizana pa dziko lonse. Zida zonse zimatsata imeneyo, pomwe malipoti a anthu amatsata wotchi ya kwawo. Mukamafufuza kuphulika kwa Axial mupeza ena akuti kunayamba pa 23 Epulo, ena pa 24 Epulo, ndipo onse akunena zoona: m'nthawi ya UTC linali kale tsiku la 24, pomwe ku Oregon unali udakali usiku wa pa 23.